Muyeso wa M'chiuno

Ine ndine telala wa pakhonde ku M'baluku.
Malamulo sindiwadziwa. Ndimadziwa m'chiuno mwa munthu.

Lajabu Mpalume anabwera koyamba pa kabaza,
mphunzitsi wa sitandade faifi, choko chikadali m'zikhadabo,
nsalu yabuluu ataikulunga m'nyuzipepala.
"Che Swaleyi, ndikuima nawo pa chisankho.
Suti, koma ya ngongole."
Tepi inati mainchesi makumi atatu.
Nsalu inatsala, ndinasokera mdzukulu kabudula.

Koma ankalankhula mnyamatayo!
Pa bwalo la mpira anatchula amayi onse
amene anachirira patsidya, Nakalanje atadzaza,
mmodzimmodzi, mayina awo,
ndi ana amene sanalire.
Anati mlatho. Tinati mlatho.
Chala changa chinakhala ndi inki sabata yathunthu,
ndinkasamba mochizemba.

Chaka choyamba anabwera yekha,
kudzafutukulitsa thalauzi pang'ono.
Tinamwa tiyi, anafunsa za bondo langa.
Chaka chachitatu kunabwera dalaivala:
"Olemekezeka akuti muonjezere m'mbali."
Mwiniwake ali m'galimoto, magalasi akuda,
injini ikulira kuti asamve dzuwa la Okutobala.
Makumi anayi.
Msoko unatha, ndinalowetsa chigamba.

Kenaka masuti ankachokera kunja.
Kwa ine kunkabwera nsalu za kampeni,
nkhope yake mazanamazana,
ndipo sizasi yanga inkadutsa pamphuno,
kudula khutu, kugawa kumwetulira pakati,
kuti madiresi a amayi ovina akwane.

Papepala mlatho unamangidwa kawiri.
Pamtsinje panali chikwangwani,
mulu wa miyala, ndi matumba asanu a simenti
amene anauma mpaka mbuzi kumaotherapo dzuwa.
Uko ku msewu wa Monkey Bay
nyumba yogona alendo inamera ngati bowa,
zipinda makumi awiri, m'dzina la mlamu wake
amene sanagulitsepo ngakhale chitumbuwa.

Tsiku la chigamulo ndinavindikira makina,
ndinakhala benchi yakumbuyo.
Kalaliki wa kukhonsolo anali ataulula kale:
malisiti a zitsulo zimene sizinafike,
malipiro a amisiri, ena ali kumanda.
Woweruza ankawerenga mamiliyoni,
ine maso anali pa jekete.
Batani lapakati linkapempha chifundo.
Phewa lakumanzere analisoka molakwika,
ndalama zonsezo.

Zaka zisanu ndi zinayi, kugwira ntchito yakalavulagaga.

Panja anthu anakuwa, "Wakuba! Wakuba!"
Mayi wina wokuwa kwambiri
anabereka mwana pa nsalu ya nkhope yomweyo,
itasuluka, diso limodzi likusuzumira m'khwapa.
Amene ankamunyamulira chikwama sanaoneke.
Akuti ali kale kwa wina,
akumuyesa mutu ngati chisoti chikwana.

Dzana kwabwera Abiti Sanudi, mkazi wake,
wapansi, fumbi m'mapazi.
Watulutsa suti yabuluu ija, njenjete zitalawa kolala.
Akuti ku Zomba foya ikumukhwepa,
amamanga ndi chingwe,
ndiye apilo ikamveka adzafune chovala.
"Mubweze momwe inalili."
Wandipatsa kapepala ka muyeso.
Makumi atatu.

Ndasula chigamba changa chija,
ulusi wake unali ukadali wolimba.
M'kope langa, tsamba lachisanu ndi chiwiri,
dzina lake lilipobe, ndi mtengo wa suti
umene lero sungagule ngakhale zipi.
Sindinafufute. Sindinamuuzenso mayiyo.

Ndikupalasa makina, kumapiri a Namwera kwada bii.
Usiku wathawu mvula sinapume.
Mpongozi wanga amakhala patsidya,
mwezi wake ndi uno,
ndipo mwana wanga wakhala akufunsa m'mudzi monse
amene ali ndi chitseko cholimba
chonyamulirapo munthu.